Mtengo wa Wollemi: anthu ankati unatha, koma unali m'chigwa

[Chithunzi: mapiri a Blue Mountains, ku Australia]

Moni nonse amene mukuonera. Lero tili ku Australia, m'nkhalango yotetezedwa ya Wollemi, pafupifupi makilomita 150 kuchokera mumzinda wa Sydney.

Mu 1994, David Noble, wogwira ntchito yosamalira nkhalango, anatsikira ndi chingwe m'chigwa chakuya pakati pa matanthwe. Pansipo anapeza mitengo italiitali, ina yofika mamita 40, ya khungwa la timibulumibulu ngati thovu la chokoleti. Sanaidziwe. Anatenga kanthambi n'kukaonetsa akatswiri a zomera, ndipo nawonso anangoti kukamwa yasa. Mitengo ya mtundu umenewu ankangoidziwa kudzera m'zidindo zakalekale za m'miyala, ndipo onse ankakhulupirira kuti inatha zaka mamiliyoni zapitazo. Anaupatsa dzina lakuti Wollemia nobilis, polemekeza malowo ndi munthu amene anaupeza.

[Chithunzi: khungwa ndi masamba, moyandikira]

Tamvani izi. Mitengo ikuluikulu imene ili kuthengoko sikwana 100, ndipo chibadwa chake ndi chofanana kwambiri, moti nthenda yopha umodzi ikhoza kupulula yonse. Unapulumuka bwanji nthawi yonseyi? Chigwacho ndi chachinyezi, moto suchifika kawirikawiri, komanso mtengowu uli ndi luso lake: thunthu likakalamba, mphukira zatsopano zimatuluka patsinde pomwepo.

N'chifukwa chake boma silinena malo enieni pamene pali mitengoyi, ndipo ineyo ndikuti likuchita bwino. Mu 2005 ina inapezeka ndi nthenda yoola mizu ya Phytophthora, ndipo akatswiri akuganiza kuti inabwera ndi dothi la kunsapato za anthu olowa mozemba. Chidwi chathu chokhachi chikhoza kupha chimene chinapirira zaka mamiliyoni, ndipo zimenezi zimandiwawa mtima.

[Chithunzi: utsi pamwamba pa nkhalango]

Chakumapeto kwa 2019 moto wolusa wa Gospers Mountain unayandikira chigwacho. Ozimitsa moto anatsitsidwa ndi helikopita, n'kuyala mapaipi othirira nthaka, ndege zikumwaza mankhwala oletsa moto. Mitengo ina inawauka, koma yambiri inapulumuka.

Ofuna kuuona safunikanso kulowa m'chigwamo. Kuyambira 2006 mbande zake zimagulitsidwa m'mayiko ambiri, ndipo gawo la ndalamazo limathandiza kuteteza mitengo ya kuthengo ija.