Ulendo si wa maliro okha ayi: nkhani yomwe inakambidwa pa msonkhano wa aMalawi ku Highfield

Zikomo a tcheya, zikomo amayi ndi abambo, agogo athu mwakhala kutsogoloku, ndi inu achinyamata kumbuyoko amene nkhope zikuonetsa kuti mwachita kukokedwa ndi makolo, musathawe, nkhaniyi ndi yanu kwambiri. Andiuza kuti ndimalize mpunga usanapse ndiye ndingolowa.

Ife a muno mu Harare, kaya Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa mpaka ku Epworth uko, kuyenda timakudziwa. Makolo athu anafika kuno ena wapansi, ena nthawi ya Federation ija ya 1953 mpaka 1963, kudzagwira m'mafamu a fodya ndi m'migodi. Koma taonani maulendo athu a masiku ano. Foni yalira pakati pa usiku, kwagwa zovuta ku Dedza, tisonkhe msanga, tikwere, masiku atatu tikulira, lachinayi tabwerera. Mwana wobadwira kuno ukamufunsa za Malawi amangodziwa kumanda ndi fumbi la pa Tete basi. Ndiye lero ndikufuna tikambe ulendo winawo, woti wakonzekera bwinobwino, wasunga kangachepe, ukupita kukaona malo ndi kupuma pomwe palibe amene wamwalira.

Tiyambe ndi mapepala chifukwa ndi pomwe ambiri ulendo umathera usanayambe. Ena muno, makamaka akuluakulu, zitupa zanu zikadali zija zolembedwa kuti alien. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 anasintha zimenezo, ngati unabadwira muno lamulolo lisanabwere, ukukhala muno, ndipo kholo lako limodzi kapena onse anali nzika ya dziko la mu SADC, iwe ndi nzika ya Zimbabwe mwa kubadwa. Koma pepala silisintha lokha, upite ku Makombe, ku ofesi ya zitupa ndi mapasipoti ija, ukasinthe chitupa kenako ufunsire pasipoti. Amene muli ndi pasipoti ya Malawi, ofesi ya kazembe wathu ili mom'muno mu Harare, musamadikire tsiku la tsoka kuti mukaidziwe khomo lake. Ndiye pasipotiyo itsekuleni lero mukafika kunyumba, muone tsiku lothera. Maiko ambiri amafuna kuti ikhale yatsala ndi miyezi 6 kapena kuposa, ndipo masamba opanda chidindo akhalepo. Masambawa musawaderere, ulendo umodzi wa ku Blantyre pa basi akudindani kanayi, Nyamapanda, Cuchamano, Zobue, Mwanza, pobwera kanayinso. Ndipo akakudindani musangotseka nkuika m'thumba, werengani pomwepo masiku amene akulemberani, chifukwa chimene chalembedwacho ndiye lamulo, osati zimene inu mumaganiza.

Apa ndikhudze za ku Joni pang'ono poti ambiri tchuthi mumathamangira konko. Wa pasipoti ya Malawi amapatsidwa masiku osaposa 30, wa ya Zimbabwe ndi 90. Ukapyoletsa ngakhale pang'ono, kuyambira 2014 salipiritsanso faindi ngati kale, amangokulemba kuti ndiwe wosafunika, chaka chathunthu osalowa, ndipo ukapyoletsa ndi masiku oposa 30 ndi zaka 5. Nde madobadoba aja a pa boda amene amati bweretsani pasipoti tikakudindireni inu mutakhala m'basi, asiyeni, chidindo chabodza chikapezeka amene amamangidwa ndi mwini pasipoti, dobadobayo ali pheee akudya ndalama yanu. Ana nawo, tengani kalata yawo yakubadwa yeniyeni, ndipo ngati bambo kapena mayi watsala, alembe afidaviti yovomereza kuti mwanayo atuluke. Agogo amene mumakonda kutenga adzukulu, izi ndi zanu, mawu oti "ndi mdzukulu wanga uyu" pa boda sagwira ntchito.

Ndalama. Muno tinazolowera madola akuda bii, ong'ambika, omata ndi selotepi, wa kombi amalandira osayang'ana nkomwe. Kunja sakulandirani amenewo. Banki kapena malo osinthira ndalama ku Malawi, ku Zambia, makamaka ku Tanzania amafuna madola oyera, osindikizidwa zaka zaposachedwa, ndipo ma 50 ndi ma 100 nthawi zambiri amasinthidwa pa mtengo wabwinoko kuposa ang'onoang'ono. ZiG, ndalama ya muno mu Zimbabwe, isiyeni kunyumba, ukangodutsa Nyamapanda palibe amene akuifuna. Anyamata osintha ndalama pa boda aja manja awo ndi othamanga kuposa maso anu, amawerenga pamaso panu zikwana, mukafika m'basi zaperewera. Sinthani zochepa chabe zogulira madzi ndi kulipira chimbudzi, zotsalazo mukasinthe m'tauni pamalo ovomerezeka. Mukafika kumudzi gulani layini ya konko, amalembetsa ndi pasipoti, muike Airtel Money kapena Mpamba, simuyendanso ndi mpukutu m'thumba. Ndipo amene munapita kumudzi kalekale musawerengere mitengo ya nthawi imeneyo, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zinthu zinakwera zedi. Komanso tinene zoona, wochokera ku Halale akafika mudzi wonse umadziwa kuti kwabwera madola (kuseka), ndiye ya abale muiike payokha, ya tchuthi payokha, mukaphatikiza nyanja simukaiona.

Tsopano ichi ndikufuna mumvetsetse, malungo. Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500, malungo muno ndi osowa. Ndiye ana athu obadwira muno, ngakhale ife amene takhalitsa, thupi lilibenso mphamvu yolimbana nawo ngati abale athu a ku Salima kapena Mangochi. Iwo akudwala nkumayendabe, inu akugwetsani kwenikweni. Musanyamuke osapita ku kiliniki kukafunsa mankhwala oteteza, tengani neti yanuyanu osadalira ya eni nyumba, madzulo ana avale zamikono yaitali. Mukabwerera, wina akangotentha thupi ngakhale patapita masabata awiri atatu, musati ndi chimfine cha ulendo, thamangani ndipo muwauze adokotala kuti tinali ku nyanja, chifukwa dokotala wa muno sathamangira kuganiza malungo mukapanda kunena. Likodzo nalonso liliko m'madzi odekha a mabango, mukasamba m'nyanja mukayezetse pakapita miyezi iwiri, mankhwala ake ndi osavuta. Khadi yachikasu ya yellow fever pa maulendo apafupiwa safunsa, koma mukapita ku Kenya kapena Uganda pobwera adzaifuna, ubwino wake katemerayo kuyambira 2016 amawerengedwa wa moyo wonse.

Chabwino, nanga tipite kuti? Ine ndinena mosabisa, musanalote za Dubai kayambeni mwaona nyanja yanu. Kuchoka pokwerera mabasi pa Roadport kapena pa Mbare mpaka Blantyre ndi makilomita pafupifupi 600, mudutsa Tete, muwoloka Zambezi pa mlatho, kutentha kwake October amapyola madigiri 40 ndiye madzi akumwa musaumire. Opita ku Lilongwe ali ndi njira yawo yotulukira pa boda ya Dedza. Mukafika, perekani masiku awo kwa abale, kumanda mukaoneko inde, kenako tengani ana, ndi msuweni wawo mmodzi kapena awiri amene mwinanso nyanjayo sanaionepo chibadwire, mupite ku Mangochi. Ku Cape Maclear, mudzi wa Chembe, ndi mkati mwa Lake Malawi National Park yomwe UNESCO inaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984, chifukwa cha tinsomba ta mbuna tija tamitundumitundu tosapezeka kwina kulikonse. Mulipira bwato pang'ono akupititsani pa chilumba cha Thumbi, mwana aika nkhope m'madzi nsomba zabuluu zikumuzungulira, woyendetsa aponya nsomba m'mwamba nkhwazi nkutsika kudzaiwakha. Madzulo chambo chootcha ndi nsima, osati za m'firiji timagula kunozi. Ngati muli ku Lilongwe, Senga Bay ku Salima ndi pafupi, mutha kupita m'mawa. Malo ogona alipo a mthumba lililonse, musaope kuti ndi za azungu zokha.

Amene muli ndi nthawi komanso mtima wolimba, kwerani Ilala. Sitimayi yakhala ikuyenda pa nyanjapo kuyambira 1951, imanyamuka pa Monkey Bay kulowera kumpoto, kudzera Likoma ndi Nkhata Bay. Nthawi siisunga kwenikweni, ndiye musaikwere mawa lake muli ndi basi yobwerera. Pa Likoma pali tchalitchi chachikulu cha St Peter cha Anglican, pa kachilumba kakang'ono kozunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ukachiona umadabwa kuti anthu anachimanga bwanji pamenepo. Koma June mpaka August kumaomba mwera, nyanja imakalipa, amene mumachita chizungulire sankhani September. Achinyamata okonda kukwera, Mulanje ilipo, nsonga ya Sapitwa ndi mamita 3,002, koma musakwere nokha opanda wokutsogolerani, phiri lija anthu anasowapo. Agogo atha kutsala m'munsi akuona minda ya tiyi. Ofuna nyama, Liwonde ndi Majete zinabwerera mwakale, njovu ndi mvuu pa Shire mumaziona muli m'bwato.

Malo achiwiri, awa ndiye ndikupemphani a tcheya kuti tiwaganizire ngati gulu. Kulamba. Chaka chilichonse Loweruka lomaliza la August, Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakumana ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mafumu amabwera ndi mphatso, kufotokoza za m'madera awo, anamwali amatuluka, ndipo gule amene mumamuona pang'onopang'ono kuno ku Mufakose kapena m'mafamu, kumeneko amatuluka yense, magulu ochokera maiko atatu tsiku limodzi. Ana athu kusukulu anzawo amawaseka nazo zigure ngati chinthu chochititsa manyazi, osadziwa kuti UNESCO inazindikira Gule Wamkulu mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Mwana akakaona khamu lija, atsogoleri a maiko atakhala pansi kuonerera, abwera atasintha maganizo. Ndikudziwa ena a mpingo mwayamba kale kukwinya nkhope, amayi apo ndakuonani (kuseka), palibe akukukakamizani, inu mutsala m'basi muziyang'anira zikwama. Njira zilipo ziwiri, ya Chirundu kudzera Lusaka nkutsata Great East Road, yomwe ndi yaitali koma boda ndi imodzi ndipo pa Chirundu mumadinditsa mbali zonse pamalo amodzi, kapena ya Tete nkukatulukira pa boda ya Chanida, yomwe imakufikitsani pafupi ndi Katete. Malo ogona kumeneko amadzaza msanga, ambiri amagona ku Chipata kapena m'basi momwemo. Ngati timatha kusonkha ya bokosi mwezi ndi mwezi, ya basi imodzi pachaka ingatikanike?

Enawa ndingodutsamo. Victoria Falls ili m'dziko lomwe lino koma muno alipo angati anafikako? Madzi amakhala ochuluka April ndi May, mumanyowa ngati mvula, pofika October ndi November amachepa. Tengani pasipoti kuti mukawoloke mlatho wa 1905 uja mukaonenso mbali ya Livingstone. Ofuna nyanja yamchere, tulukirani pa boda ya Forbes ku Mutare kulowa Mozambique, Beira ili pompo, mukatsikira kummwera ndi Vilankulo ndi Inhambane, mchenga woyera ndi nkhanu zotchipa. Kumpoto ku Cabo Delgado musayerekeze, kwakhala nkhondo kuyambira 2017. Ndipo January mpaka March m'mbali mwa nyanja imeneyo ndi nyengo ya namondwe, Idai wa 2019 tonse tikumukumbukira zimene anachita ku Beira ndi ku Chimanimani. Zanzibar ndi yokongola, Stone Town ndi tinjira take tija, koma ndi dera la Asilamu ndiye atsikana muvale modzilemekeza m'tauni, komanso kuyambira October 2024 mlendo amayenera kugula inshuwalansi yawo ya konko asanalowe.

Chimodzi ichi sindingachisiye. Atsikana, munthu akakuuzani pa WhatsApp kuti tikiti ndalipira ine, viza ndikonza ine, ntchito ili tayale ku Oman kapena Kuwait, umenewo si ulendo wokaona malo. Mu 2016 atsikana ambiri a muno anachita kukatengedwa ku Kuwait atalandidwa mapasipoti, ndipo a ku Malawi zawaonekeranso ku Oman. Pasipoti yanu isachoke m'manja mwanu kupatula kwa wa imigireshoni pa windo. Muijambule pa foni, kope ina musiye kwa m'bale kuno, ikatayika ku ofesi ya kazembe zimaphweka.

Abambo apo mwafunsa za galimoto. Eya, mutha kupita pa yanu, koma buku la galimoto likhale m'dzina lanu kapena mukhale ndi kalata ya mwini wake, mutenge chilolezo cha apolisi musananyamuke, ndipo boda iliyonse akupatsani pepala lolowetsera galimoto kwa kanthawi, limenelo mulisunge chifukwa potuluka adzalifuna. Inshuwalansi ya yellow card ya COMESA imagwira ku Malawi ndi ku Zambia koma Mozambique simo, yawo mugula pa boda. Mukhale ndi matrayango awiri ndi jekete yowala ija, apolisi a mseu wa Tete amazifunsa, ndipo m'timatauni tawo chepetsani liwiro. Usiku musayende, mbuzi, njinga zopanda magetsi, mathiraki oima pakati pa mseu. Amene mukufuna kupita pa Khirisimasi matikiti a basi gulani November isanathe, December mitengo imakwera ndipo malo amatha. A tcheya akundikodola kuti mpunga wapsa, ofuna za Kulamba lembetsani maina kwa mlembi pakhomo apo tione ngati tingadzaze basi.