Kuno ku Leeds: braces ya buluku, ya mpira ndi ya mano

Moni nonse amene mukumvera, kaya muli m'minibasi ya ku Ndirande, kaya mukuweruka ntchito ya usiku ngati ine. Lero tikambe za braces, mawu amene kuno ku England ndimawamva kuntchito, pawailesi ndi m'nyumba mwanga momwe, koma aliyense akunena zake.

Kumene ndimagwira ntchito timasamalira okalamba. Agogo aamuna akati braces, akunena malamba awiri odutsa m'mapewa ogwira buluku kuti lisagwe. Kumsana malambawo amakumana n'kupanga chilembo cha Y kapena X. Ena ndi opanira, ena amakolekedwa pa mabatani osokeredwa m'kati mwa buluku, ndipo a mabataniwa amadya nthawi m'mawa pamene anthu oti uwaveke ali mbwee. Ku America malamba omwewa amati suspenders, koma musayerekeze kufunsa dzina limenelo m'sitolo ya kuno. Akulozerani ku zovala zam'kati za amayi, kumene kuli timalamba togwira masokosi aatali.

Kumpira ndiye nkhani ina. Munthu akagoletsa zigoli ziwiri m'masewero amodzi amati wapanga brace, monga anachitira Gabadinho Mhango mu January 2022 ku Cameroon, Flames itakwapula Zimbabwe 2-1.

Koma braces imene yandisowetsa tulo ndi ya mano. Mwana wanga wamkazi ali ku sekondale, ndipo anzake ambiri m'kalasi ali ndi waya m'kamwa. Pa dzino lililonse amamatapo kachitsulo, n'kudutsitsa waya, ndipo pakapita milungu ingapo dokotala amakunga wayayo kuti mano asunthe pang'onopang'ono. Tsiku lokungalo mwana amangomwa phala, nyama sangaitafune. Kawirikawiri zimatenga chaka ndi theka kapena zaka ziwiri.

Ku NHS, bungwe la boma loona zachipatala kuno, ana osafika zaka 18 amawaika waya kwaulere, koma si aliyense. Amayamba ayeza mano pa muyeso wotchedwa IOTN, woyambira 1 mpaka 5. Ofika pa 4 kapena 5 amathandizidwa, pa 3 amaonanso mmene manowo akuonekera. Ena onse mudzilipirire, ndipo mtengo wake umayambira cha m'ma £2,000 kukwera m'mwamba. Musasinthe ndalamayo m'makwacha, mutu ungakupwetekeni.

Nanga vuto la mwana wangayu n'chiyani? Mpata wa pakati pa mano akutsogolo, basi. Mpata umene amayi anga ali nawo, umene kwathu anthu amausirira n'kumati mtsikana uyu akaseka ndiye wakongola. Kuno iye akaseka amaphimba pakamwa ndi dzanja. Dokotala anayeza n'kunena kuti mano ake ali bwinobwino, a NHS sangalipire. Ine mumtima ndinagwirizana naye dokotalayo. Mwanayo anakhala duu m'basi ulendo wonse wobwerera.

Sindikufuna kumuumiriza, pakuti amene amakhala m'kalasi muja tsiku ndi tsiku ndi iyeyo, osati ine. Tapangana kuti tidikire afike zaka 16. Akadzafunabe, tidzayamba kusunga ndalama. Ndamuuzanso chimene dokotala ananena, kuti waya akachoka pamabwera retainer, kachipangizo kogwira mano kuti asasunthe, kovala usiku kwa zaka zambiri, apo ayi mpata umabwerera.

Makolo anzanga a ku Manchester, Johannesburg ndi kwina, amene ana anu anavalapo waya, nditumizireni mauthenga a mawu, tidzawamvetsera limodzi sabata yamawa.