Makalata a Omvera: Kunyozana Mitundu pa Intaneti

Moni omvera nonse, kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ndi inu amene mukutimvera pa foni muli ku Joni, ku Tete kapena ku Chipata. Sabata yatha ndinakupemphani kuti mundilembere za mawu onyoza mtundu kapena khungu la munthu amene mumakumana nawo pa intaneti. Makalata abwera ambiri, ena ndawawerenga mtima ukuwawa. Ndasankhapo atatu, ndipo eniake apempha kuti ndisatchule mayina.

Yoyamba yachokera kwa bambo wina ku Johannesburg. Akuti:

"Ine kuno ndatha zaka 7, ndimagwira ntchito ya m'dimba ndi kupenta nyumba. Mwana wanga wamkazi anabadwira ku Mangochi koma wakulira kuno. Tsiku lina anaika pa TikTok kanema akuvina ndi anzake, iye atamanga chitenje cha mayi ake. Pansi pake anthu analemba kuti kwerekwere, ena akuti Amalawi ndi olanda ntchito, abwerere kwawo. Chiyambire tsiku limenelo safunanso kuyankhula Chichewa pagulu. Tikakwera tekisi ine n'kumuyankhula, amandiyankha m'Chizulu, motsitsa mawu. Mtima ukundiuza kuti ndiwatukwane anthuwo mmodzimmodzi. Nditani?"

Pepani bambo, pepani kwambiri. Pamene mwati mwana akukuyankhani motsitsa mawu m'tekisi, ndinayamba ndaika kalata pansi. Mantha akewo ali ndi pochokera. Mu May 2008 zipolowe zothamangitsa alendo zinayambira ku Alexandra, dera la mu Johannesburg, ndipo anthu 62 anaphedwa. Mu April 2015 zinabukanso ku Durban, mpaka boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu athu. Mu 2021 ku Soweto kunayamba gulu la Operation Dudula, ndipo dzinalo m'Chizulu likutanthauza kukankhira kunja. Nthawi zonsezi mawu ndi amene amatsogola, zikwanje zimabwera pambuyo.

Komabe musawatukwane. Pa intaneti, chinthu chimene anthu akuchiyankha kwambiri n'chimene makina amachikankhira kwa anthu ambiri, ndiye kutukwana kwanuko kungoitanira ena kuti adzamunyozenso mwanayo. Jambulani mawuwo pa foni kuti mukhale ndi umboni, muwanenere kwa eni TikTok pa batani la report, kenako muwatsekere kunja anthuwo. Ngati ena ali a pasukulu pake, kaonaneni ndi aphunzitsi aakulu. Ngati pali woopseza, pitani kupolisi, komanso kumeneko kuli bungwe la South African Human Rights Commission lomwe limalandira madandaulo otere.

Ndipo mukhale naye pansi mwanayo, mumuuze za Clements Kadalie. Anali Mtonga wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, ndipo mu 1919 ku Cape Town anayambitsa bungwe la apantchito la ICU, limene linakula n'kumenyera ufulu antchito akuda a dziko lomwelo. Mumuuzenso za azigogo athu amene anapita pa Wenela n'kukumba golide pansi pa nthaka imene iye akuyendapo leroyo. Adziwe kuti chitenje chija sichochititsa manyazi.

Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Lilongwe, ndipo ndi yaukali:

"Inu mukuti tisanyoze mitundu ina. Nanga Mtchaina uja ankajambula ana ku Njewa? Ine pa Facebook ndimalemba poyera kuti Matchaina onse ndi amodzi, achoke. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola."

Achimwene, ukali wanu ndikuumva, chifukwa nanenso kanema uja ndinamuonera. Ana aang'ono atazungulira bolodi lolembedwa Chitchaina, akufuula mosangalala mawu amene sakuwamva, pamene mawuwo akuti iwo ndi zilombo zakuda zopanda nzeru. Anawo akumwetulira. Zinandidula mtima. Mavidiyo otere ankagulitsidwa pa intaneti ku China, ndipo nkhaniyi inaululika mu June 2022 kudzera kwa atolankhani a BBC Africa Eye, Runako Celina ndi Mmalawi mnzathu Henry Mhango. Munthuyo, Lu Ke, amene anawo ankamutchula kuti Susu, anathawira ku Zambia, anagwidwa ku Chipata, anabwezedwa kuno, ndipo mu 2023 khoti linamupeza wolakwa n'kulamula kuti achoke m'dziko muno.

Taonani tsono: wolakwayo ali ndi dzina, ndipo anaimirira yekha pamaso pa woweruza. Mwambi wa nsombawo ndi wathu ndithu, koma pa nkhani ya anthu ine ndimaukana. Ndi maganizo omwewo amene akumuliritsa mwana wa ku Mangochi uja. Mmalawi mmodzi akaba ku Durban, wina amalemba kuti Amalawi onse ndi akuba, ndipo ife timakwiya, moyenereradi. Nanga ife tikalemba kuti Matchaina onse, tasiyana naye pati? Ngati pali wochokera kunja amene akuzunza antchito pashopu kapena akujambula ana popanda chilolezo cha makolo, mutchuleni ameneyo, mukanene kupolisi kapena ku ofesi ya zantchito, ndipo ine ndidzakuthandizani kufuula pa wailesi pano.

Yachitatu ndi ya mayi wina, mphunzitsi ku Mzuzu. Akuti pa gulu la WhatsApp la anzawo amene anaphunzira nawo kukoleji, nyengo ya chisankho ikafika kumadzaza nthabwala za mitundu: awa ndi ambwenumbwenu odzikonda, awa ndi osaphunzira, awa ndi akuba. Akadandaula, anzawo amati, "Ndi zocheza chabe, inunso musamakhale ngati mwana." Akufunsa ngati atulukemo.

Mayi, ine ndimagwira ntchito ndi maikolofoni, ndipo sindiiwala kuti mu 1994 ku Rwanda wailesi ya RTLM inkaika nyimbo zokoma ndi nthabwala, kwinaku ikutchula Atutsi kuti inyenzi, ndiye kuti mphemvu. Anthu ankaseka. Sindikuti gulu lanulo lafika pamenepo, ayi, koma zocheza zimene zimaseketsa ena onse kupatula munthu amene akunenedwayo, zimenezo si zocheza. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu kapena chiyankhulo, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu kudzera pa intaneti. Musanatuluke, muimbireni foni amene amayang'anira gululo, muyankhule naye pa awiri. Anthu ambiri amene amalimba mtima polemba amafewa akamva mawu a mnzawo amene ankagawana naye chigumu ku hositelo. Akakana kumva, tulukani, ndipo munene chifukwa chake musanatseke chitseko.

Nthawi yatithera. Bambo a ku Johannesburg, mumuuze mwana wanu kuti akafuna andilembere yekha, kaya m'Chichewa kaya m'Chizulu. Kalata yake ndidzayamba nayo sabata yamawa.