Mabedi omwe anatsala opanda eni

Zikomo Bambo Mfumu, zikomo a tcheyamani, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwadzazana kukhomoko. Akumbuyo mukundimva? Chabwino. Mwandipempha kuti ndifotokoze mmene tinadutsira nthawi ya mliri wa COVID-19, uja timati kolona, pa sukulu ya atsikana ya asisitere komwe ndinkaphunzitsa, komwenso ndinkathandiza a metironi kuyang'anira hositelo. Dzina la sukuluyo sinditchula, chifukwa ndikamba za ana a eni ake.

Pa 20 Malichi 2020, pulezidenti wa nthawiyo, Peter Mutharika, analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo pa 23 sukulu zonse zinatsekedwa. Apo n'kuti m'Malawi muno musanapezeke wodwala ndi mmodzi yemwe. Oyamba anapezeka pa 2 Epulo. Ndiye atsikana ankalongedza akuseka, ati holide yabwera msanga. Matiresi, ndowa, ngakhale makope, anazisiya. Kamtsikana kena ka Fomu 1 kanandiimitsa pageti, "Madamu, kolona akunenedwayu ndi yemwe timapemphera madzulo uja?" Ndinaseka mpaka misozi. Kamwanako ndinadzakaonanso patapita miyezi yoposa isanu ndi umodzi, yunifolomu itakathina.

Boma linayesa maphunziro a pa wailesi kwa ana a pulayimale, a sekondale n'kuwaikira zowerenga pa intaneti. Nafenso tinatsegula magulu a WhatsApp. Koma tinene zoona muno m'tchalitchi. Foni m'nyumba ndi imodzi, ya bambo, ndipo bambowo achoka nayo m'mamawa. Kwina ilipo koma ndi ya mabatani. Kwina netiweki mpaka ukwere pachulu. Ana a m'tauni ankayankha, a kumudzi anangoti zii. Kunja kuno misonkhano ya ndale ya chisankho cha pa 23 Juni ikudzaza mabwalo, ana athu ali pakhomo. Imeneyo ndingoisiya pomwepo.

Mu Meyi, Sisitere wamkulu anatiitana aphunzitsi okhala pafupi. Tinakhala pansi pa mtengo, motalikirana. Anatulutsa kaundula wa sukulu yonse n'kuyamba kutigawira mayina ngati akugawa mbewu. Aliyense analandira atsikana ake, ndipo lamulo linali limodzi: Lachisanu lililonse unene komwe mwana aliyense ali. Osati mongoganizira ayi. Umve mawu ake, kapena ulankhule ndi munthu amene wamuona ndi maso. Kholo likapanda kuyankha, imbira akatekisiti a kwawo. Akatekisiti akasowa, funa mtsogoleri wa mphakati. Apa mpamene ndinazindikira kuti mpingo wathuwu uli ndi miyendo yofika komwe galimoto ya boma sifika. Zolemba tinkachita fotokope, n'kupatsira ansembe opita ku matchalitchi a kumidzi, zoyankha n'kubwerera njira yomweyo, zina zitanunkha utsi wa kukhitchini. Ana achipembedzo china, Asilamu ndi a mipingo ina, tinali nawo ambiri, ndipo akatekisiti omwewo ankawafikira.

A Fomu 4 anabwerera pa 7 Sepitembala, ena onse pa 12 Okutobala. Pageti ndowa ya mpopi ndi sopo, aliyense masiki kukamwa, kuholo kudya mosinthana. Zimenezo zinali zosavuta. Chovuta chinali usiku woyamba, ine ndi a metironi tikuyenda ndi tochi m'hositelo. Kafukufuku wa boma anapeza kuti m'miyezi imene sukulu zinali zotseka, atsikana oposa 40,000 anatenga mimba ndipo pafupifupi 13,000 analowa m'banja. Chiwerengerocho mukachimva pa wailesi mumangopukusa mutu. Koma kuunika bedi, matiresi atapindidwa mmene mwini wake anawasiyira mu Malichi, dzina lake lili pa ndowa pansi pake, miyendo imazizira.

Mmodzi mwa osowawo anali pa mndandanda wanga. Mayi ake ankandiyankha bwinobwino mpaka Julayi, kenaka foni inangoti sikupezeka. Ndinakwera kabaza kukafika kwawo. Ndinawapeza akupeta chimanga chochepa m'lichero, ndipo atandiona sanadzuke. Anati, "Madamu, musandiyang'ane choncho. Geni inaima, m'nyumba muno munalibe ufa, mnyamatayo ndi amene ankatigulira." Mwanayo anali kuseri kwa mudzi, kwa mwamunayo, ali ndi pakati, zaka 16. Ndinapita ndi mawu okonzeka m'kamwa, koma anathera pa licheropo.

Lamulo lili poyera. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana, sangakwatiwe. Amfumu a m'mudzimo anatithandiza, ukwatiwo unatha, mwana anabwerera kwa mayi ake. Nkhondo yeniyeni inali kwathu, mu sitafu. Ena amati, iyi ndi sukulu ya Katolika, akabwerera aphunzitsa anzake zoipa, makolo atichotsera ana. Amene ankanena zimenezi si anthu oipa, ena ndimaimba nawo kwaya. Koma ine ndinawafunsa kuti, nanga mnyamata uja akupalasabe njinga yake momasuka, chilango chonse chigwere mwana amene anagulitsidwa ndi njala? Ndondomeko yolola mtsikana kubwerera ku sukulu akabereka ilipo m'dziko muno kuyambira 1993. Sisitere anatimvetsera tonse mpaka titatopa, kenaka anangoti, "Dzina lake sindinalifufute m'kaundula, ndipo cholembera chofufutira ndilibe." Anabwerera chaka chotsatira, khanda n'kutsala ndi agogo. Masabata oyamba ankadya yekha. Amene anayamba kukhala naye pa benchi ndi anzake a m'kalasi, osati ife akuluakulu, ndipo zimenezo zimandichititsabe manyazi.

Tisanapume, Januwale 2021 anafika. A Fomu 4 anali akulembanso mayeso a MSCE, aja anathetsedwa mu Novembala atabedwa. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira ndi matendawa tsiku limodzi. Ku Lilongwe Girls atsikana oposa 300 anapezeka ndi kachilomboka. Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anatsekanso sukulu, koma ogonera pa sukulu anauzidwa kuti akhale pomwepo mpaka azaumoyo awaone. Kwathunso ena anapezeka nako. Tinapatula hositelo imodzi ya kumapeto.

Makolo ankafika pageti osaloledwa kulowa. Mayi wina anayenda ulendo wa tsiku lonse, n'kungomuona mwana wake patali akukupiza dzanja pawindo, n'kusiya jumbo ya mandimu ndi chigumu kwa alonda. Ophika athu akanatha kuthawa, koma ankagona pa sukulu pomwepo. Atsikana akuluakulu ankanyamula mapoto a nsima ndi nyemba, kuwasiya pakhonde la odwala, kugogoda ndi ndodo, n'kubwerera. Misa kunalibe. Tsiku lina madzulo ndikuchokera ku sitolo ndinamva a hositelo ya kuno ayamba, "Tikuoneni Maria," kenaka chete pang'ono, ndiye kuchokera kutsidya, kwa odwala kuja, mawu osasa akuyankha, "Maria Oyera, Amayi a Mulungu." Palibe anawauza. Anachita choncho usiku uliwonse mpaka womaliza atatuluka, onse ali moyo. Ndinakumbukira funso la kamwana kanga ka pageti kaja. Makalasi anayambanso pa 22 Febuluwale.

A tcheyamani akundilozera wotchi. Mapepala amene achinyamata akugawawo ndi a atsogoleri a mphakati: mulembe dzina la mtsikana aliyense wa m'dera lanu amene anayenera kukhala pa sukulu koma ali pakhomo, ndi dzina la munthu amene azikamuona. Mubweretse Lamulungu likudzali ikatha Misa yachiwiri.

Mayi uko akufunsa ngati tinawapeza onse. Ayi, mayi. Mmodzi banja lake linasamuka, ena amati anawolokera ku Mozambique, akatekisiti anafufuza mpaka kutopa. Pamene ndinkachoka pa sukulupo, ndowa yake inali ikadali m'sitolo, a metironi atakana kuti ipatsidwe kwa wina.