Kuwala kwa leza pa ululu wa phewa, khosi ndi msana

Moni nonse amene mukutionera. Kuno ku Mangochi, msodzi amene wapalasa bwato usiku wonse n'kukoka khoka m'bandakucha amadziwa mmene phewa limawawira, monganso mayi amene wasenza ndowa za madzi kwa zaka zambiri amadziwira ululu wa khosi. Lero tikambirana za kuwala kwa leza (laser pa Chingerezi), kuwala kolunjika malo amodzi kochokera m'kachipangizo, komwe akatswiri ena a mafizo amagwiritsa ntchito pa ululu wotere.

Chithandizochi chinayamba mu 1967 ku Budapest, m'dziko la Hungary, pamene dokotala Endre Mester anameta mbewa zoyeserera n'kuziwalitsa ndi leza yofooka, ndipo anaona kuti ubweya wake ukumera msanga kuposa wa mbewa zimene sanaziwalitse. Leza imeneyi siyidula thupi ngati ya opaleshoni. Imatulutsa kuwala kofiira, kapena kuwala kosaoneka ndi maso, komwe kumalowa pansi pa khungu n'kufika m'tizigawo ta maselo totchedwa mitochondria, tomwe timapanga mphamvu imene selo limagwiritsa ntchito podzikonza. Akatswiri amaganiza kuti umu ndi mmene kutupa ndi ululu zimachepera. Wodwala amakhala pansi kapena kugona, kachipangizo kamaikidwa pamalo owawa kwa mphindi zochepa, ndipo amabwereza kangapo kwa milungu ingapo.

Kodi zimathandizadi? Mu 2009, magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti leza imachepetsa ululu wa khosi. Pa msana ndi pa mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa, zotsatira zimasiyanasiyana, chifukwa mlingo wa kuwala ukachepa kapena ukachuluka kwambiri, phindu silioneka. Ine ndimaona kuti leza ndi yongothandizira, pakuti phewa la msodzi limafunabe kupuma ndi mafizo olimbitsa minofu.

Pali mfundo imene imatikhudza ife anthu a khungu lakuda mwapadera. Khungu lakuda limayamwa kuwala kochuluka kuposa loyera, choncho limatentha msanga, makamaka pa leza zamphamvu, ndipo wopereka chithandizo ayenera kusintha mlingo wake. Mukamva kutentha, muuzeni nthawi yomweyo. Nonse awiri muyenera kuvala magalasi oteteza maso. Leza siyiwalitsidwa pa chotupa cha khansa kapena pamimba pa mayi woyembekezera.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kulipira chithandizo chotere musanapimidwe. Ululu wa msana umene ukubwera limodzi ndi kuwonda, kutuluka thukuta usiku, dzanzi m'miyendo kapena kulephera kusunga mkodzo ukhoza kukhala chifuwa chachikulu cha m'mafupa a msana kapena mtsempha wopanikizika. Mukaona zizindikiro zimenezi, pitani kuchipatala chachikulu cha boma la Mangochi kapena kuchipatala chaching'ono chapafupi, komwe mankhwala a TB amaperekedwa kwaulere.