Bwalo la Mzuzu lakalamba, koma bwanji sitikulitaya mtima?

(Chithunzi: geti la bwalo m'mawa, nkhungu isanachoke)

Moni nonse okonda mpira. Mukamva mawu anga akunjenjemera musadabwe, ndi chisanu cha Mzuzu ichi. Kumbuyo kwangaku ndi Mzuzu Stadium. Lero ndikufuna tikambirane zinthu ziwiri: chomwe chimakalambitsa bwalo la mpira, ndi chomwe chimatikokerabe kuno ife amene tinakulira pamasitepe akewa.

Ine ndinalowa muno koyamba nditagwira dzanja la malume. Anali ndi kawailesi kakang'ono komangidwa ndi mphira kuti mabatire asagwe. Mpira akuuona ndi maso awo, koma wailesi ili pakhutu, kufuna kumva ngati wolengeza wa pa MBC akuona zomwe iwo akuona. Akasiyana maganizo, malume ankakalipira wailesiyo: "Bodza iwe, imeneyo ndi penate!" Ine pamenepo ndili ndi kapepala ka mtedza, maso ali pa nzimbe za mnzanga.

Masiku amene ndalama kunalibe, tinkadikira panja. Mphindi zomaliza zikayandikira, alonda ankatsegula mageti kuti anthu azituluka, ife n'kulowa ngati madzi osefukira. Zigoli zambiri za ubwana wanga ndinaziona m'mphindi khumi zotsirizazo. Zina ndinangozimva ndili kuseri kwa mpanda, ndipo phokoso lokha linkakuuza kuti wamwetsa ndi ndani.

(Chithunzi: mapiri a Kaning'ina chapatali)

Timu imene dzina lake linamatirira pabwaloli ndi Moyale Barracks, asilikali omwe masapota amawatcha Mikango ya ku Kaning'ina. Achinyamata ambiri amaganiza kuti Moyale ndi mawu a Chitumbuka. Ayi ndithu. Moyale ndi tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia, komwe asilikali a ku Nyasaland a gulu la King's African Rifles anamenyana ndi Ataliyana mu 1940, pankhondo yachiwiri yapadziko lonse. Dzinalo linabwera ndi asilikali, n'kukhala la kampu, kenako la timu. Ndi pa kapinga yemweyu pomwe tinaonera Gastin Simkonda akuvutitsa otchinga kumbuyo, komanso Khuda Muyaba asanapite ku Silver Strikers. Kenako kunadzabwera Mzuni FC, timu ya ku yunivesite, ophunzira n'kumadzaza mbali imodzi ndi nyimbo zawo zachipongwe.

Koma tsiku lenileni linali lomwe Maule (Big Bullets) kapena Manoma (Wanderers) abwera kuchokera ku Blantyre. Tauni yonse inkasintha mtundu. Anthu a ku Chibavi, Chiputula, Zolozolo, Mchengautuba ndi Katawa ankatsika wapansi, ena pa kabaza, enanso pa malole kuchokera ku Nkhata Bay ndi ku Ekwendeni. Pasitandi pankamveka Chitumbuka, Chitonga, Chichewa ndi Kyangonde nthawi imodzi, ndipo refa ankatukwanidwa m'zilankhulo zonsezo mosakondera.

Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha bwaloli, mwa kuona kwanga. Lili m'kati mwa tauni. Munthu amatseka okala yake kumsika, n'kufika mpira usanayambe. Mayi wogulitsa zitumbuwa safuna thiransipoti. Mzuzu inakhala mzinda mu 1985, ndipo yakula mozungulira bwaloli, osati bwalo kuikidwa kutchire kuti anthu azilitsata.

(Chithunzi: pafupi ndi golo, pomwe kapinga anatha)

Tsopano bwerani muone apa. Mukuona dazi ili pamaso pa golo? Apa ndi pomwe goloboyi amapondaponda mphindi 90 zonse, ndipo kona iliyonse anthu oposa khumi amadzaunjikana pomwepa. Dothi likapondedwa kwambiri limagwirana ngati khonde lozira. Mizu ya kapinga imasowa mpweya, madzi salowanso pansi, amangoima pamwamba.

Bwalo lamakono limamangidwa kuyambira pansi. Amayala mapaipi obowolabowola, pamwamba pake miyala ing'onoing'ono, kenako mchenga, n'kumaliza ndi dothi lodzalapo kapinga. Pakati pa bwalo amakwezako pang'ono kuti madzi azitsetserekera m'mbali. Mabwalo athu akale ambiri sanamangidwe motero, ndipo ngakhale pomwe panali ngalande, zaka zikamapita zimatsekeka ndi dothi. Ndiye muonjezerepo mvula ya kuno, yomwe imapitirira anzathu akummwera atayamba kale kukolola. Ligi imayamba nthawi imeneyo, kapinga ali chinyowere. Mpira umaima pamadzi ngati waitanidwa, wosewera n'kuupitirira. Ikafika Okutobala, malo omwewo asanduka fumbi, mpira ukudumpha ngati chule.

Chinanso n'chakuti bwaloli silipuma. Matimu angapo amaseweretsa pomwepa, ana asukulu amathamangirapo, misonkhano, mapemphero ndi zoimbaimba zimachitikira pomwepa. Kapinga amafuna masabata opuma kuti aphukenso. Ali ngati munda: ukaulima chaka ndi chaka osaupatsa manyowa, umakuyankha.

(Chithunzi: masitepe a simenti, mng'alu ukuoneka)

Simenti nayo imakalamba. Madzi akalowa mu mng'alu ngati uwu, amakafika pa zitsulo za m'kati. Chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma, n'kukankha simenti mpaka kugamphuka. N'chifukwa chake kupaka penti kokha sikuthandiza. N'kudzola mafuta osasamba.

Masiku ano kuli malamulo a ziphaso za matimu, omwe bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF linakhazikitsa ndipo kuno amayendetsa ndi a FAM, bungwe la mpira m'Malawi muno. Oyendera mabwalo saona kapinga yekha. Amaona zipinda zosinthira zovala, zimbudzi, madzi, mpanda wolekanitsa masapota ndi osewera, chipinda cha achipatala, ndi mageti otulukira pakagwa ngozi. Bwalo likalephera, masewero a ligi yaikulu amasamutsidwa, ndipo zachitikapo kuti matimu a mu Mzuzu akasewerere ku Rumphi masewero omwe amati ndi apakhomo. Ine malamulowa sindikangana nawo. Amene anakanikizidwapo pageti lopapatiza, nthiti zikulira, amadziwa kufunika kwake. Chomwe chimandiwawa ndi cha mnyamata wa ku Masasa amene angakwanitse tikiti koma osati minibasi yopita ndi kubwera. Ameneyo mpira wamuchokera.

Ndinapitako ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, lomwe linatsegulidwa mu 2017. Ndi lokongola, sindinama, mipando yake anthu pafupifupi 40,000. Koma ndinakhala patali moti osewera ankaoneka ngati nyerere. Kuno ukakuwa kuti "Patsira kumanzere iwe!", wosewerayo amatembenuka n'kukuyang'ana, nthawi zina n'kukuyankha.

(Chithunzi: wolankhula wakhala pa sitepe)

Malume ankakhala apa, sitepe yachitatu kuchokera pansi, atayala nyuzipepala kuti thalauza lisanyowe. Anatisiya kalekale, koma kawailesi kaja ndikadali nako, ndi aka. Mphira ndinasintha kawiri. Inu amene munakulira kuno, tandiuzani: munkakhala mbali iti, ndipo munkalowa ndi tikiti kapena munkadikira nafe kuti mageti atsegulidwe?