Mbewu Sitikazinga

Asalaam alaikum abale ndi alongo. Mwadzuka bwanji?

Sabata ino tulo takhala tikuvuta kunyumba kwathu. Mizere tapanga kale, mitambo yayamba kuda, koma ya feteleza palibe. Wakatapila wa pamsika paja akundilonjera ngati m'bale wake masiku ano. Riba, ndiye kuti chiwongoladzanja, ndi haramu, tonse tikudziwa, koma njala ya Febuluwale nayonso tikuidziwa, ndipo ikafika siyang'ana kuti uyu amaswali pa mzere woyamba.

Abale, tisakazinge mbewu. Agogo athu ankapachika chimanga cha mbewu kudenga, pa utsi. Ana ankalira njala chili pompo, koma palibe ankachitsitsa.

Umar (RA), mnzake wa Mtumiki Muhammad (SAW), atapeza munda ku Khaybar, mzinda womwe unagonja m'chaka cha 7 cha Hijra, ananena yekha kuti sanapezepo chuma choposa chimenecho. Anakafunsa Mtumiki (SAW) chochita nawo, ndipo anamuuza kuti ngati akufuna augwire munda osautaya, zokolola zake apereke sadaka. Umar anaika lamulo lakuti usagulitsidwe, usaperekedwe mphatso, usagawidwe ngati chuma chamasiye. Zipatso zake zinkapita kwa osauka, achibale, apaulendo, alendo ndi kuwombola akapolo. Bukhari ndi Muslim onse anailemba nkhaniyi. Ndiyo waqf imeneyo, mbewu ili kudenga, anthu akudya zokolola chaka ndi chaka.

Ife pa Ramadhan timapereka ndithu, Allah atilandire. Matumba a ufa amafika ku Mangochi, ku Machinga, ku Balaka, koma Eid isanathe ufa watha, mayi wamasiye uja wabwerera kuganyu m'munda wa wina, wake uli thengo. Mzikiti taika matailosi, zimkuzamawu zatsopano, sindikutsutsa ayi. Koma mbewu yathu ili kuti? Tonse tikukazinga, tikutafuna, kenako tikudabwa mvula ikagwa.

Dimba limodzi lokha la waqf, lokhala ndi pampu yothirira, lingabwereketse mbewu kwa mabanja angapo, nkubweza akakolola popanda chiwongoladzanja. Mbuzi ziwiri zikaswa, ana apite kwa wina, mayi akhale wa jamaat, gulu lathu la pa mzikiti. Koma mulembe, abale, pamaso pa a mfumu ndi mboni, chifukwa munda wongoperekedwa pakamwa adzukulu amadzaulanda maliro asanazizire. Komiti nayonso iwope Allah, iwerengere anthu poyera zomwe zalowa ndi zomwe zatuluka. Mbewu imadyedwanso ndi anankafumbwe a m'nyumba momwemo.

Ayah ija ya mu Qur'an, mu Surah Al-Baqarah, yokamba za kupereka chuma m'njira ya Allah, mukuidziwa: njere imodzi, ngala 7, ngala iliyonse njere 100. Imeneyo ndi njere yolowa m'nthaka.

Inu amene muli ku Joni ndi ku UK, musanatumize za Ramadhan yotsatira, funsani kumudzi ngati pali malo oti jamaat ingagule. Ife otsala tikambe nkhaniyi ndi a Shehe Lachisanu tikatuluka Jumu'ah. Ndipo mundikumbukire mu dua zanu, kuti wakatapila uja ndimudutse ndi salaamu yokha. Ameen.